Mutu 7: Debian ya Kumunda Waukulu ndi ya Pakandime Koyesera

Mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume akalandira mbewu yachilendo ya nsawa, sathamangira kudzaza nayo munda wonse. Amaipatsa kandime kumalire, mizere khumi kapena kuposerapo pang'ono, kuti aone mmene ichitire mvula ikadula mu Januwale kapena kadukutu akalowa. Munda waukulu, uja wodyetsa banja ndi kugulira ana nsapato, amabzalamo mbewu imene amaidziwa khalidwe lake ngati mmene amadziwira ng'ombe za m'khola mwake. Mbewu yachilendoyo nayonso sinagwe kumwamba. Mitundu ngati MGV4 ndi MGV5 inatuluka ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi pafupi ndi Chipata, ndipo chilembo M pa dzinalo chikuimira Msekera yemweyo. Isanafike m'sitolo inabzalidwa nyengo zingapo m'minda yoyesera, anzake ena anatayidwa m'njira, ndipo yotsalayo ndi imene inaloledwa kupita kwa alimi.

Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale theka la mutu uno, ngakhale nkhani yathu si ya nsawa. Ndi ya kompyuta ya mu ofesi ya ahedi, ya m'kashopu kosindikiza ndi kufotokopa pa boma la Chadiza, ndi laputopu ya mnyamata amene wangobwera kuchokera ku koleji ali ndi manja oyabwa.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, imene mapulogalamu ena onse amakhalapo ngati nyumba pa maziko. Ambiri kuno timadziwa Windows, chifukwa ndiyo imabwera kale m'makina amene timagula kapena kupatsidwa. Koma ilipo ina yotchedwa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Aliyense ali ndi ufulu woikopera, kuwerenga mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira mnzake popanda kulipira chiphaso. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu mtima wake ndi Linux yemweyo. Mtima pawokha sudyetsa munthu, choncho magulu osiyanasiyana amautenga n'kuuphatikiza ndi mapulogalamu olembera, owerengera, osindikizira ndi olowera pa intaneti. Limodzi mwa magulu akale kwambiri ndi Debian, limene Ian Murdock analilengeza pa 16 Ogasiti 1993. Dzinalo analumikiza lake ndi la bwenzi lake Debra. Debian si kampani. Ndi anthu odzipereka a m'mayiko ambiri amene amasankha mtsogoleri chaka chilichonse, ndipo kuyambira 2020 mpaka 2024 mtsogoleriyo anali Jonathan Carter wa ku South Africa. Msonkhano wawo wapachaka unachitikira ku Cape Town mu 2016. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndipo dzina lake ndi m'bale wa mawu athu akuti umunthu, imatapa zambiri kuchokera ku Debian. Raspberry Pi OS, ya timakompyuta tija tokwana pachikhatho, ndi mwana wa Debian nayenso.

Nkhaniyi yatifikira pakhomo pa chifukwa chosavuta kuona. Kuchokera pamene ana a giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziro la kompyuta mu 2015, masukulu akhala akusonkhanitsa makina kuchokera kulikonse kumene angapezeke, ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa masiku onse, ndipo Windows 11 imakana kulowa m'makina ambiri akale. Makinawo sanafe. Akuyaka bwinobwino. Amene akufuna kuti apitirize kugwira ntchito mosaopa mavairasi a pa flashi amayamba kuyang'ana ku Linux, ndipo akafika pa khomo la Debian amapeza kuti zitseko zilipo zitatu.

Zitseko zitatu

Pulogalamu iliyonse mu Debian imabwera ngati phukusi, ndipo Debian 13 ili ndi maphukusi opitirira 69,000. Phukusi lililonse lili ndi munthu kapena gulu loliyang'anira. Eni pulogalamu akatulutsa mtundu watsopano, woyang'anirayo amaumanga n'kuuponya ku gawo lotchedwa unstable, kutanthauza kuti losakhazikika. Kumeneko ndiye ku Msekera kwenikweni: zinthu zimalowa tsiku ndi tsiku, zina zili bwino, zina zikadali zosaphika.

Kuchokera pamenepo phukusi limadikira masiku angapo, kawirikawiri asanu, nthawi zina awiri kapena khumi malinga ndi changu chake. Pulogalamu ina yotchedwa britney ndiyo mlonda wa pachipata. Imaona ngati phukusilo lamangika pa mitundu yonse ya makina imene linkamangikapo kale, ngati palibe amene wanena za vuto lalikulu latsopano, ndiponso ngati maphukusi ena amene limadalira alipo kale kutsogoloko. Zikakhala bwino limawolokera ku gawo lachiwiri, testing, loyesera. Gawoli linayamba mu 2000, ndipo Debian yoyamba kubadwa kudzera m'njira imeneyi inali 3.0 ya mu 2002.

Ndiye pakapita pafupifupi zaka ziwiri, chipata chija amayamba kuchitseka pang'onopang'ono. Poyamba amaletsa kusintha kwakukulu, kenaka maphukusi atsopano, ndipo pomaliza chilichonse chofuna kulowa chimayenera kupempha chilolezo kwa gulu loyang'anira kutulutsa. Mu 2025 kutsekako kunayamba mu Malichi, ndipo pa 9 Ogasiti zimene zinali mu testing zinatchedwa stable, zokhazikika, n'kukhala Debian 13. Yam'mbuyo mwake, Debian 12, inatuluka pa 10 Juni 2023, ndipo Debian 11 pa 14 Ogasiti 2021. Tsiku lotulutsa salilonjeza zaka zisanakwane ngati mmene makampani amachitira. Amatulutsa mavuto aakulu akatha kapena akachepa mokwanira.

Mayina ake ndi oseketsa pang'ono. Debian iliyonse imapatsidwa dzina la chidole cha mu filimu ya ana ya Toy Story, mwambo umene unayamba mu 1996 pamene mtsogoleri wa nthawiyo, Bruce Perens, ankagwira ntchito ku Pixar, kampani imene inapanga filimuyo. Debian 11 ndi bullseye, 12 ndi bookworm, 13 ndi trixie, ndipo imene ikuphikidwa mu testing pano ndi forky. Gawo la unstable lokha ndilo silisintha dzina. Limatchedwa sid, dzina la mnyamata wa nyumba yoyandikana mu filimu yomweyo, amene ntchito yake inali kuthyola zidole. Mayinawa musawatenge ngati nthabwala chabe. Kutsogoloku tiona kuti liwu limodzi lotere lingakupulumutseni kapena kukugwetsani m'mbuna.

Kukhazikika n'chiyani

Anthu ambiri akamva kuti stable amaganiza kuti ndi Debian yosagwa, ndipo akamva testing amaganiza kuti ndi yozima pakati pa ntchito. Si choncho kwenikweni. Alipo anthu amene akhala pa testing zaka zambiri kompyuta yawo osazimapo yokha. Kukhazikika kwa stable ndi kwakuti siisintha khalidwe. LibreOffice, pulogalamu yolembera, imene munaiika mu Ogasiti ndi yomweyo mudzaipeze chaka chamawa, mabatani ali pomwepo, mndandanda wa zosankha uli momwemo. Zimene zimabwera ndi zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo, ndi zokonza mavuto aakulu basi. Pafupifupi miyezi iwiri iliyonse zigambazo amazisonkhanitsa n'kuwonjezera kanambala kumapeto, 13.1, 13.2, koma nyumba ndi yomweyo. Mapulogalamu olowera pa intaneti ngati Firefox ndi Chromium ndiwo amasinthidwa kwambiri ngakhale mu stable, chifukwa kumeneko n'kumene mbala zimagogoda kwambiri.

Mphunzitsi wa kompyuta amadziwa phindu la zimenezi kuposa katswiri aliyense. Wakonza zophunzitsa za temu yonse, wajambula pa bolodi pamene mwana adine kuti asunge kalata yake. Ngati pakati pa temu pulogalamuyo yasamutsa batanilo, ana makumi asanu ogawana makina khumi asokonezeka onse nthawi imodzi. Mwini kashopu kosindikiza nayenso chimodzimodzi. Sabata ya mayeso a kutha kwa temu aphunzitsi afola pakhomo ndi maflashi awo, ndipo chimene iye akufuna n'chakuti pulinta imene inasindikiza dzulo isindikizenso lero. Zoti ku Ulaya kwatuluka mtundu watsopano wa pulogalamu yojambulira sizimugulira ufa.

Mtengo wa mtendere umenewu ndi ukalamba. Pofika chaka chachiwiri, mapulogalamu a mu stable amakhala atatsalira. Debian 12 inabwera ndi Linux 6.1, Debian 13 ndi Linux 6.12, ndipo amene anagula laputopu yatsopano pakati pa ziwirizi ankatha kupeza kuti Wi-Fi kapena mawu sizikugwira, chifukwa chipangizocho chinabadwa pambuyo pa pulogalamu yoti ichiyendetse. Apa mpamene achinyamata ambiri amathawira ku testing. Koma ilipo njira yapakati imene ambiri saidziwa, yotchedwa backports. Ndi nkhokwe yapadera ya Debian yomwe, mmene amatenga maphukusi ena a mu testing n'kuwamangira stable. Munthu amatapamo chinthu chimodzi chokha chimene akuchifuna, kaya ndi Linux yatsopano ya laputopu ija, zina zonse n'kuzisiya zili phee. Ine ndimaona kuti ambiri mwa amene amasamukira ku testing vuto lawo likanathera pamenepa.

Tisanamizanenso kuti stable ndi yopanda banga. Mu Disembala 2023 chigamba cha Linux chimene chinalowa mu Debian 12 chinapezeka kuti chingawononge mafayilo pa disiki, moti Debian inachenjeza anthu kuti ayambe aima kaye, ndipo m'malo mwa 12.3 anatulutsa 12.4 tsiku lotsatira. Mu 2008 Luciano Bello wa ku Argentina anapeza kuti kusintha kwina kumene Debian inachita pa OpenSSL, pulogalamu yobisa mauthenga a pa intaneti, mu 2006 kunachititsa makiyi achinsinsi kukhala osavuta kulosera, ndipo vutolo linali litalowa mpaka mu stable. Mbewu yovomerezeka nayo imadwala. Kusiyana kwake n'kwakuti matenda ake akadziwika dziko lonse limathamangira kuichiza.

Zimene testing sakuuzani

Apa mpamene pagona nkhani. Gulu la chitetezo la Debian limasamalira stable. Mpata wa akuba ukapezeka, chigamba chimapita ku stable mwachindunji, ndipo chimalowanso ku unstable kudzera mwa woyang'anira phukusi. Testing imadikira kuti chigambacho chiwoloke chipata cha britney ngati phukusi lina lililonse. Masiku awiri, asanu, ndipo ngati phukusilo lakodwa m'kusintha kwina kwakukulu, ngakhale masabata. Motero pa nkhani ya chitetezo, gawo lapakatili nthawi zambiri ndilo lomaliza kulandira mankhwala. Kompyuta yosunga mayina ndi manambala a alimi a kopaletivu, kapena zotsatira za mayeso a ana, siyenera kukhala pamalo otere.

Chaka cha 2024 chinaphunzitsa anthu a testing zinthu ziwiri motsatizana. Choyamba chinali cha wotchi. Makina a 32-bit amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira 1 Januwale 1970, ndipo malo osungira nambalayo adzadzaza pa 19 Januwale 2038, nthawi ya kuno itangopitirira 5 koloko m'mawa. Pofuna kukonzekera tsikulo, Debian inayamba chakumapeto kwa Febuluwale 2024 kumanganso maphukusi ochuluka zedi, ambiri n'kupatsidwa mayina atsopano othera ndi t64. Kwa masabata angapo zinthu zinali pakatikati. Maphukusi ena ankakana kukwera, ndipo amene analamula kukweza zonse osawerenga zimene kompyuta ikufunsa ankatha kupeza kuti yachotsa mapulogalamu amene amawadalira. Amene anali pa bookworm sanamve n'komwe kuti kunja kukugwa mvula.

Chachiwiri chinali choopsa kwambiri. Pa 29 Malichi 2024, Lachisanu Loyera, Andres Freund, katswiri wa PostgreSQL wogwira ntchito ku Microsoft, analengeza zimene anapeza pa kompyuta yake ya sid. Anaona kuti kulowa m'kompyuta kudzera pa ssh, njira yolowera uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo m'malo mongonyalanyaza anatsata mapazi mpaka anapeza khomo lobisika mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Munthu wodzitcha Jia Tan anali atatha zaka ziwiri akuthandiza mwaulemu mpaka anakhulupiriridwa, kenaka n'kubisa msamphawo mu mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Unali utalowa kale mu unstable ndi testing. Mu bookworm munali xz yakale ya 5.4.1, ndipo msamphawo sunafikemo.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo amene amaikamba mbali imodzi akukunamizani. Inde, ukalamba wa stable unateteza anthu. Koma unawateteza chifukwa munthu wina anali pa kandime koyesera, maso ali gwa. Pakanapanda anthu okhala pa sid ndi testing, msamphawo ukanayenda mwakachetechete mpaka kulowa mu stable.

Palinso vuto limene mabuku olembedwa kumayiko a intaneti yotsika mtengo salitchula, ndilo la mabando. Testing imasintha tsiku lililonse. Mukakhala sabata ziwiri osakweza, mumapeza maphukusi mazana akukudikirani, ndipo mapulogalamu aakulu ngati LibreOffice mumawakopera mobwerezabwereza m'chaka chimodzi. Kwa munthu wa ku Lusaka wa intaneti ya mu ofesi zimenezi si kanthu. Kwa munthu amene amalumikiza laputopu ku foni, atakhala pamalo amodzi aja pamene netiweki ya MTN kapena Airtel imagwira bwino, ndi ndalama yeniyeni yochoka m'thumba. Walira mvula walira matope, ndipo matope a testing kuno amayezedwa m'makwacha.

Liwu limodzi

Debian imadziwa kotenga maphukusi powerenga kafayilo kotchedwa sources.list, kamene kali mu /etc/apt, kapena pa makina ena fayilo yothera ndi .sources m'chikwatu chapafupi. Mmenemo muli mzere wotchula gawo limene mukutsata, ndipo mungalembe m'njira ziwiri: dzina la udindo, monga stable kapena testing, kapena dzina la chidole, monga trixie kapena forky. Lero stable ndi trixie ndi chinthu chimodzi. Mawa sizidzakhala choncho.

Zili ngati kulemba kalata kwa "Amfumu" kapena kulemba dzina lenileni la munthu amene ali pampando. Ufumu ukasintha, kalata yoyamba ipita kwa wolowa m'malo, yachiwiri ipitabe kwa munthu yemwe uja. Amene analemba stable m'fayilo yake mu 2023 anadzuka pa 10 Ogasiti 2025 kompyuta yake ikufuna kusamuka yonse kuchoka ku bookworm kupita ku trixie, iye asanakonzeke, asanasunge kanthu, mwina ali ndi bando ya tsiku limodzi. Amene analemba bookworm anakhala pomwepo mpaka tsiku limene anasankha yekha. Pa kompyuta ya ntchito, lembani dzina la chidole.

Kwa wa testing kusiyanaku n'kokulirapo. Mukalemba forky, muyenda ndi gawo loyesera mpaka tsiku limene forky idzatchedwe Debian 14, ndipo kuyambira pamenepo mudzapezeka muli pa stable osachita chilichonse. Mukalemba testing, simudzafika. Tsiku lotulutsa likadzadutsa, chipata chimene chinatsekedwa miyezi ingapo chidzatsegulidwa, zonse zimene zinaunjikana ku sid zidzakhamukira kwa inu ngati madzi a mumtsinje wa Nsadzu mvula itagwa kumtunda. Miyezi yoyamba pambuyo pa kutulutsa ndiyo yovuta kwambiri pa testing, ndipo miyezi ya kutseka chipata ndiyo yabata. Amene akufuna kulawa testing koyamba achite nthawi ya batayo, atalemba dzina la chidole.

Njira yobwerera kulibe. Debian imathandiza kukwera, kutsika ayi. Mukasamukira ku testing n'kukhumudwa, chimene chatsala ndi kusunga mafayilo anu n'kuika stable mwatsopano. Ndipo chinthu choipa kuposa zonse ndi kusakaniza: kuwonjezera mzere wa testing pa kompyuta ya stable kuti mupeze pulogalamu imodzi. Pulogalamu imodziyo imakoka zimene imadalira, izonso zimakoka anzawo, mpaka mumakhala ndi chinthu chimene si nkhuku si nkhanga. Anthu a Debian anachipatsa dzina lachipongwe lakuti FrankenDebian, ndipo mukapita nacho kukapempha thandizo ambiri amangokuuzani kuti yambiranipo.

Kukweza kumene magetsi sadalirika

Stable iliyonse imasamaliridwa ndi gulu la chitetezo pafupifupi zaka zitatu, kenaka gulu lina lotchedwa LTS limapitiriza mpaka zikwane zisanu. Bookworm ifika mpaka pakati pa 2028, trixie mpaka pakati pa 2030. Motero palibe chothamangira sabata yoyamba. Sukulu ingadikire holide ya Disembala, kashopu kangadikire mwezi umene ntchito yachepa. Chosaloledwa ndi kudumpha. Wa pa bullseye ayenera kupita ku bookworm kaye, kenaka ku trixie.

Ndondomeko yake yalembedwa m'chikalata chimene chimatuluka ndi Debian iliyonse, ndipo ndi yaifupi. Muyambe mwakopera mafayilo anu onse ndi chikwatu cha /etc ku disiki ina, chifukwa phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mumalize zigamba zonse za Debian imene muli nayo. Muchotse mizere ya nkhokwe zachilendo zimene munawonjezera. Musinthe dzina la chidole, mulamule apt update (apt ndiyo pulogalamu yotuta ndi kuika maphukusi), kenaka kukweza kochepa kosachotsa kanthu, ndipo pomaliza apt full-upgrade. Isanayambe, kompyuta imaonetsa zimene iike ndi zimene ichotse, n'kufunsa ngati mukuvomera. Mndandanda wa zochotsawo muuwerenge wonse. Anthu ambiri amene amati Debian inawawonongera kompyuta anadina Y pamenepa maso ali pa foni.

Chikalatacho chimaganiza kuti magetsi alipo. Ife tikudziwa zina. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale, chinatsitsa madzi a ku Kariba mpaka pofika Sepitembala malo ambiri ankakhala opanda magetsi maola ofika 21 pa tsiku. Ngakhale chaka chabwino, mphezi imodzi ya mu Disembala imakwana. Kukopera maphukusi kukadukira pakati palibe choopsa, apt imapitiriza pamene inalekera. Choopsa ndi kuzima pamene ikumasula ndi kuika, theka la nyumba lili lakale theka latsopano. Nzeru yake ndi kugawa ntchitoyo pawiri. Mukawonjezera --download-only pa lamulo lija, kompyuta imangotuta maphukusi n'kuwasunga osakhudza kanthu, ndipo zimenezi mungachite usiku pa bando yotsika mtengo, ngakhale kwa masiku atatu. Kuika kwenikweni muchite batire la laputopu litadzaza, kapena kompyuta ili pa sola kapena pa UPS. Zikavutabe n'kuzima, musathamangire kufufuta zonse. Nthawi zambiri dpkg --configure -a, kenaka apt --fix-broken install, zimamaliza zimene zinatsala. Ndipo ngati Linux yatsopano yakana kuyaka, yakale imakhala ikadalipo pa mndandanda umene umaoneka kompyuta ikamayamba.

Sukulu ya makina khumi isakopere chinthu chimodzi kakhumi. Kapulogalamu kotchedwa apt-cacher-ng kamasandutsa kompyuta imodzi kukhala nkhokwe ya anzake: yoyamba ikatenga phukusi pa intaneti, zisanu ndi zinayi zotsalazo zimatapa kwa iyo. Kumene kulibiretu netiweki, apt-offline imalemba mndandanda wa zofunika pa flashi, wina wopita ku Chipata n'kukazikopera kumeneko. Zonsezi zimatheka bwino pa stable, chifukwa zimene mwatuta Lolemba zimakhala zikadali zoyenera Lachisanu.

Musanakweze makina akale a kusukulu, onani kaye ngati ali a 32-bit kapena a 64-bit. Kuyambira pa trixie, Debian inasiya kupereka Linux ndi pulogalamu yoikira ya makompyuta a 32-bit a mtundu wa i386. Makina otere akhale pa bookworm mpaka 2028, ndipo zaka zimenezi ndizo za kufunafuna olowa m'malo. Koma musafulumire kuwaweruza. Makina ambiri amene anabwera ndi Windows ya 32-bit mkati mwake ndi a 64-bit, ndipo lamulo la lscpu limakuuzani zoona pa sekondi imodzi.

Ndani akhale pa kandime

Funso limene ndimafunsa munthu wofuna testing si lakuti amadziwa zochuluka bwanji. Ndimafunsa kuti ikadzakana kuyaka Lolemba m'mawa, adzalire ndani. Ngati ndi ana a sukulu, kalaliki wa kopaletivu kapena makasitomala, yankho ndi stable, ndipo amene amaika testing pa makina otere kenaka n'kukwera basi kubwerera ku tauni wachita ngati wobzala mbewu yosadziwika m'munda wa mayi wamasiye. Ngati wolirayo ndi iye mwini, ali ndi flashi yoikira Debian m'thumba, mafayilo ake ali kwina, ndipo kutaya Loweruka lonse akufufuza sikumupweteka, alowe ndithu. Aike apt-listbugs, imene imachenjeza za mavuto aakulu odziwika phukusi lisanalowe. Akweze kawirikawiri, osadikira miyezi. Akaona kuti full-upgrade ikufuna kuchotsa zinthu zambiri, ayankhe kuti ayi, adikire masiku atatu kapena anayi, ayesenso.

Ndipo ndikufuna kuti anthu otere akhalepo kuno. Phukusi limawoloka chipata cha britney ngati palibe amene wadandaula, ndipo odandaula ambiri amakhala ndi makina atsopano, intaneti yosaduka ndi magetsi osazima. Modemu yotsika mtengo ya m'misika yathu, pulinta ya zaka khumi ndi zisanu imene ikugwirabe ntchito pa boma, laputopu ya memori yochepa imene inabwera m'kontena, zimenezi sizili pa tebulo lawo. Ngati kusintha kwina kwathyola pulinta yotereyo ndipo palibe amene wanena forky ikadali mu testing, vutolo lidzalowa mu Debian 14 n'kukhala mmenemo zaka. Kunena sikufuna digiri. Pali pulogalamu yotchedwa reportbug imene imafunsa dzina la phukusi, imasonkhanitsa yokha zofunika za makina anu, n'kukusiyirani malo olembapo zimene munachita, zimene munayembekezera ndi zimene zinachitika. Uthengawo umapita pa imelo kwa woyang'anira phukusilo, umapatsidwa nambala, ndipo ngati vutolo ndi lalikulu mokwanira, nambala imeneyo yochokera ku Chadiza imaimitsa phukusilo pachipata mpaka litakonzedwa.